Kugwira ntchito m'wodi ya khansa osachita dzanzi mumtima

Chaka changa chachitatu m'wodi ya odwala khansa, mayi wina anatisiya cha m'ma 4 koloko m'bandakucha. Tinakhala naye miyezi isanu, kutuluka ndi kubwereranso, khansa ya khomo la chiberekero. Mng'ono wake, amene ankamudikirira n'kumagona pachitenje pansi pa bedi, atayamba kubuma, ine chimene chinabwera m'mutu mwanga n'chakuti: bola, bedi lapezeka la mayi uja ali pamatiresi pakhonde. Ndinalemba m'failo, ndinaitana a ku mochale, n'kubwerera kukamaliza tiyi wanga asanazizire. Nditafika kunyumba mwana wanga wamng'ono anataya shuga patebulo, ndipo ndinamukalipira ngati watentha nyumba. Sanalire. Anangondiyang'ana n'kupita kukakhala kwa aneba mpaka madzulo.

Za tiyi uja ndinakafotokozera sisita wamkulu wa wodi yathu, mayi wachikulire amene pano anapuma ntchito, mwina ndikudzitama kuti tsopano ndazolowera. Iwo anapukusa mutu. "Mwana wanga, sunalimbe iwe, wachita dzanzi. Phazi likachita dzanzi silimva minga, koma mingayo imalowabe."

Ndakhala namwino zaka 19, ndipo 11 mwa zimenezi ndazithera pa odwala khansa, akulu ndi ana omwe. Ndikulembera inu amene mwangolandira kalata yokutumizani ku wodi ngati imeneyi, kaya kuchipatala chachikulu kaya kuchipatala cha paboma komwe odwala khansa amagona mosakanikirana ndi ena onse. Kusukulu anatiphunzitsa kuika kanula ndi kuwerenga madontho a dripu. Za mmene munthu amaonera imfa zitatu sabata imodzi n'kukaphikabe nsima kunyumba, palibe anatiuza, kupatula mawu aja akuti namwino salira. Kupirira pantchito imeneyi ndi zinthu zochita, zambiri mwa izo zazing'ono, ndipo zimaphunzirika monga kanula yemweyo.

Dziwani chimene chikukudyani

Kutopa kuli pawiri. Kwina kumatha mukagona bwino tsiku la ofu. Kwina mumadzuka nako ngakhale mwangochokera kutchuthi. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalemba kutopa kwachiwiriku m'buku lake la mndandanda wa matenda, la ICD-11, ngati vuto lochokera kuntchito, ndipo linati kumaoneka m'njira zitatu: mphamvu kutha, mtima kutalikirana ndi ntchito mpaka kumainyoza, ndi kuyamba kulephera zimene munkazitha. M'wodi zimaoneka chonchi. Mumasiya kutchula odwala mayina, aliyense amasanduka "bedi 14" kapena "wa pammero uja". Gadiyani akamabwera kutebulo la anamwino mumayamba kusakasaka failo imene simukuifuna. Lamlungu madzulo m'mimba mumayamba kupota. Ine ndinafika pomadzipapasa m'mawere usiku uliwonse kusaka chotupa, ndipo mwana akangotupa tsaya chifukwa cha dzino, m'mutu mwanga munali kale Burkitt, khansa ija yotupitsa tsaya la ana.

Palinso china chimene sitimachitchula kawirikawiri: kudziwa chimene wodwala akufunika, chinthucho palibe. Kwa zaka zambiri dziko lathu linalibe makina owotcha khansa, ndipo mpaka posachedwapa wofuna chithandizo chimenecho ankayenera kupita ku Kenya, ku India, ku Zambia kapena ku Tanzania. Tinkayang'ana mayi amene tikudziwa kuti kwina akanathandizika, ife n'kumangomuika magazi. Zoterezi zimasanduka mkwiyo, ndipo mkwiyo umagwera amene ali pafupi. Mukaona kuti mwakalipira gadiyani chifukwa cha mapoto amene ali pansi pa bedi, dzifunseni kuti mkwiyowo mwini wake weniweni ndani.

Phunzirani kuyankha funso lija

Mwa zonse za m'wodi, chimene chinkandimaliza ine ndi kuthawa. Mukusintha dripu, wodwala wakugwirani dzanja: "Anesi, kodi ine ndichira?" Mawu amangotuluka okha, "Musadandaule amayi, Mulungu ndi wamkulu," uku mukufulumira kupita pabedi lina. Mawa mumazemba bedi limenelo. Mkuja mumazemba mzere wonse. Kuzemba munthu usiku wonse muli naye chipinda chimodzi n'kolemetsa kuposa kunyamula odwala.

Pali njira yofotokozera nkhani zowawa imene Walter Baile, Robert Buckman ndi anzawo anasindikiza mu 2000, yotchedwa SPIKES. Ili ndi masitepe 6, ndipo mukaipeza iwerengeni. Pano ndinena mmene ndimachitira ine, nditagwirizana kaye ndi dokotala kuti tonse tikunena chimodzi.

Khalani pansi. Mpando ukasowa khalani m'mphepete mwa bedi kapena pakasitulu, chifukwa munthu woimirira amaoneka kuti akupita. Kokani sikirini ngati ilipo. Funsani wodwalayo amene akufuna akhalepo, ndipo musaganize kuti ndi mwamuna wake nthawi zonse: ena amafuna atsibweni, ena mchemwali, ena amafuna okha.

Kenako funsani musananene. "Kodi adokotala anakuuzani zotani za matendawa? Nanga inu mukuona kuti m'thupimu mukuyenda bwanji?" Mudzadabwa kuti ambiri akudziwa kale. Agogo ena a ku Mulanje, khansa ya pammero, anandiyankha kuti, "Mwanawe, nsima inasiya kudutsa, phala linasiya kudutsa, pano ndi madzi akubwerera. Ukuyesa sindikuona?" Ndinali nditawazemba masiku anayi chifukwa choopa kuwauza zimene iwo anali atamaliza kale kuziganizira. Funsaninso kuti akufuna kumva zambiri bwanji. Wina amati nenani zonse, wina amati uzani mwana wanga. Zonsezo n'zololedwa.

Chenjezani kaye: "Pepani, nkhani imene ndili nayo si yabwino." Mukatero tchulani liwu lakuti khansa, kamodzi, momveka, osapita m'mbali. Tikamati "kachotupa" kapena "kabala ka m'kati" timayesa tikuchita chifundo, koma ndaona mabanja akugulitsa mbuzi, njinga, mpaka munda, kuyendayenda kusaka mankhwala a kabala komweko, ndalama zimene zikanatsalira ana.

Mukanena, khalani chete. Apa ndi pamene pamavuta. Ine ndimawerenga chamumtima mpaka 10, nthawi zina 20, lilime likuyabwa. Akalira musati "musalire". Gwirani dzanja basi. Akakweza maso, m'pamene mumanena zimene zichitike: "Kuchiza sitingathe, koma ululuwu tithana nawo, kusanzaku tithana nako, ndipo sitikusiyani nokha." Mawu akuti "palibe chimene tingachite" asatuluke pakamwa panu. Amapha wodwala, komanso amapha namwino amene wawanena, popeza akawanena kokwanira amayamba kuwakhulupirira.

Nanga abale akakutengerani pambali n'kuti, "Asisita, musamuuze, angafe msanga"? Musakangane nawo. Akunena chifukwa chomukonda. Afunseni chimene akuopa, amvetsereni, kenako muwauze poyera: "Sindimukakamiza kumva, koma akandifunsa sindimunamiza." Akumbutseni kuti munthu wosadziwa sangatsanzike, sanganene amene atenge ana, sangalongosole za munda, ndipo tonse tikudziwa zimene zimachitika ndi katundu maliro akangotha. Ambiri amafewa. Akayamba za kulodzedwa, musaseke ndipo musalalikire. Ine ndimangoti, "Zimenezo mukambirana pabanja, koma mankhwala aululuwa asalumphe."

Tsiku limene ndinayamba kuyankha funso lija, ndinayambanso kugona.

Manja akhale ndi chochita

Cicely Saunders, namwino amene pambuyo pake anakhala dokotala n'kutsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967, ankaphunzitsa kuti ululu wa wodwala umakhala m'thupi, m'maganizo, m'banja ndi mu uzimu nthawi imodzi. Ndi zoona ndithu. Mayi wolira usiku, nthawi zina ndi msana, nthawi zina wamva kuti bambo kunyumba akwatira wina. Funsani musanatunge jakisoni.

Koma ululu wa m'thupi uphunzireni mpaka muzitha kuuthetsa muli m'tulo. Anamwino ambiri timaopa mofini, mankhwala amphamvu aja othetsa ululu, poganiza kuti amafulumizitsa imfa kapena kuti wodwala azolowera. Woperekedwa mwadongosolo satero. Wamadzi uja amaperekedwa maola 4 aliwonse motsatira wotchi, osadikira kuti munthu ayambe wakuwa, ndipo nthawi zonse amayendera limodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba chifukwa amadzimbitsa. Wodi imene ululu wagwiridwa bwino imamveka ndi makutu: usiku kumakhala bata, ndipo namwino wa naiti amatuluka m'mawa akadali munthu.

Tinali ndi mayi wina wa khansa ya m'bere, bala lotseguka, fungo lake lofika kukhonde. Odwala anzake ankatseka mphuno ndi zitenje. Abale ankamuikira mbale ya nsima kumiyendo n'kutuluka msanga. Iye anatembenukira kukhoma ndipo anasiya kuyankha moni. Ineyo ndinkapuma ndi pakamwa pomumanga bala, ndipo ndikudziwa kuti ankaona. Namwino wina wa chisamaliro chochepetsa ululu atabwera kudzationa, anapempha masipuni awiri, anaphwanya mapiritsi a Flagyl pakati pa masipuniwo mpaka kukhala ufa, anatsuka bala ndi madzi amchere n'kuwazapo ufawo. Patapita masiku atatu fungo linali litatsika kwambiri. Ndinamupeza atakhala panja padzuwa, gadiyani wa bedi loyandikana akumuluka tsitsi. Anamwalira mwezi wotsatira. Koma tsiku la tsitsi lija ndinafika kunyumba n'kudya nsima mitanda itatu.

Chimene chimaswa namwino msanga ndi kuima pambali pa bedi manja lende. Kaluso kalikonse kotere kamene mwaphunzira kamateteza inu nomwe.

Munthu akamwalira, ndi mukaweruka

Musathamangire mafomu. Imani ndi abale mphindi ziwiri, nenani pepani, mutchuleni dzina malemuyo. Misozi ikabwera ibwere, bola asakhale anamfedwa amene akutonthoza inu. Mukamaliza zonse zoyenera, sambani m'manja mosafulumira, imwani madzi, uzani mnzanu kuti mwatuluka panja mphindi 5. Ntchito ikathina zimakanika, ndikudziwa, koma yesani.

Ine ndili ndi kakope. Ndimalembamo chilembo choyamba chokha cha dzina, kusunga chinsinsi, ndi chinthu chimodzi cha munthuyo: ankaimba kwaya ya amayi, ankafunsa zigoli za mpira m'mawa uliwonse, ankandiitana kuti apongozi. Ndikalemba ndimatseka. Zimene zili m'kope sizindivutanso usiku.

Yunifolomu ndi nsapato muzisinthira kuchipatala komweko. Ngati kukadali kowala, tsikani minibasi siteji imodzi musanafike kwanu, muyende. A kunyumba muwauze kuti mphindi 20 zoyamba ndi zanu zosamba, za magetsi atha ndi fizi zibwere pambuyo.

Za foni ndi ndalama ndichedwepo, chifukwa apa ndinapsa. Poyamba nambala yanga ndinkapatsa aliyense. Foni inkalira 2 koloko usiku, munthu ali kumudzi kutali, akutuluka magazi, ine ndili pabedi ndilibe chomuchitira, kenako maso gwa mpaka kucha. Otuluka akasowa ya thiransipoti ndinkapisa m'thumba, lero uyu mawa uyo, mpaka mwezi wina ndinakatenga katapila kuti ndilipire lendi. Musafike pamenepo. Pemphani kuti wodi ikhale ndi foni yake, yogwira amene ali pantchito. Wodwala asanatuluke mulumikizeni ndi chipatala chaching'ono cha kwawo, adziwe kothawira. Za thiransipoti, dziwani ofesi yoona zaumoyo wa anthu ovutika pachipatala chanu ndi magulu a mipingo amene amabwera kudzazonda odwala, kapena ikani kabokosi kosonkherana. Kukana kumapweteka, ndipo tsiku lina mudzapisabe m'thumba. Koma chikhale chosankha chanu tsikulo, osati msonkho wa mwezi ndi mwezi. Maliro nawonso simungakhuze onse.

Khalani pansi pamodzi, munene zakukhosi

Kenneth Schwartz anali loya wa ku Boston amene anamwalira ndi khansa ya m'mapapo mu 1995. Asanamwalire anakhazikitsa bungwe limene linayambitsa misonkhano yotchedwa Schwartz Rounds, pomwe ogwira ntchito m'chipatala amakumana kukamba mmene ntchito ikuwakhudzira mumtima. Ife tilibe aphunzitsi ake kapena ndalama zake, koma mutu wa nkhani tinautola.

Timakumana Lachinayi lomaliza la mwezi, mphindi 45, tiyi ndi mandasi osonkherana. Malamulo ndi ochepa. Si bwalo lofufuza amene analakwitsa, zimenezo zili ndi msonkhano wake. Palibe wolemba. Zonenedwa sizifika kwa ametironi. Ndipo aliyense wa m'wodi amaitanidwa, okolopa, okankha matirole, ophunzira, onse. Tsiku lina bambo amene amakolopa wodi yathu analankhula koyamba, anati mnyamata wa Kaposi, khansa ya pakhungu, amene anamwalira sabata imeneyo ankacheza naye m'mawa uliwonse 5 koloko, ena onse ali mtulo, ndipo anamupempha kuti akauze mayi ake kumene anabisa kandalama. Tonse tinkayesa kuti mnyamatayo sankalankhula ndi munthu. Bamboyo anali atasenza zimenezi yekha, wopanda womupepesa.

Msonkhano woyamba udzakhala wozizira. Anthu adzayang'ana pansi, kenako wina adzayamba za malokamu, ntchito ya maola owonjezera, osalipidwa. Musiyeni, nazonso ndi zakukhosi. Wamkulu ayambe ndiye kunena chimene chinamupweteka, achinyamata sangayambe. Pofika msonkhano wachitatu zimamasuka.

Musakakamize munthu kulankhula, makamaka atangoona choopsa. A WHO salimbikitsa zokhazika munthu pansi kamodzi n'kumuuza kuti afotokoze zonse zimene waona, chifukwa kwa ena zimangotukusula bala. Buku lawo la 2011 la chithandizo choyamba cha m'maganizo limanena zinthu zitatu: yang'anani, mvetserani, lumikizani. Mnzanu wataya mwana wodwala amene ankamukonda? Mupatseni tiyi, mutengereni odwala awiri, khalani naye pafupi. Akafuna kunena adzanena.

Maphunziro musawadikire

Safunsa anadya phula. Odziwa ntchitoyi alipo m'dziko muno. Ku Gulupu, pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kuli Tiyanjane wa akuluakulu ndi Umodzi wa ana. Ku Salima kuli Ndi Moyo. Bungwe la PACAM limalumikiza ogwira ntchito ya chisamaliro chochepetsa ululu. Amene mukufuna kubwerera kusukulu, kuli Kamuzu University of Health Sciences, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, ndipo ku St John of God ku Mzuzu amaphunzitsa uphungu ndi zaumoyo wa m'maganizo.

Mawekishopu akunyanja aja, tisabisane, kawirikawiri amapita ndi a m'maofesi amene sanamangepo bala chaka chonse, chifukwa cha alawansi. Ine ndinadikira dzina langa zaka zinayi. Chimene chinandithandiza ndi kulemba kalata yopempha kukakhala sabata imodzi ndi gulu la chisamaliro chochepetsa ululu, wopanda alawansi, kungoyenda pambuyo pawo n'kumamvetsera mmene amalankhulira. Mapointi a CPD, a maphunziro owonjezera apantchito, amene a Nurses and Midwives Council amafuna, musamangowatola paliponse: sankhani maphunziro a ululu, a kulankhulana ndi odwala, a uphungu. Mukaphunzira, phunzitsani anzanu pa nthawi ya lipoti la m'mawa, mphindi 10 zokha. Yesezani awiriawiri, wina wodwala wina namwino. Mudzaseka poyamba, kenako wina adzalira.

Za kemo, mankhwala amphamvu aja olimbana ndi khansa, musaigwire musanaphunzitsidwe. Magolovesi, gauni, chochita ikatayika, zonsezi muzidziwe, ndipo mukakhala ndi pakati uzani wamkulu wa wodi msanga. Namwino amene akuopa mankhwala amene wanyamula amatopa kawiri.

Zikapitirira

Mukaona kuti tulo takana masabata angapo, kuti simugona osamwa mowa, kuti maso ayamba kuima pa kabati ya mankhwala oopsa, kapena kuti mwayamba kuganiza zoti bola kufa, pamenepo kakope ndi mandasi sizikwanira. Uzani munthu mmodzi lero lomwelo ndipo kaonaneni ndi namwino kapena dokotala wa zamaganizo. Pachipatala cha paboma amakhalapo, ndipo a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ndikudziwa chimene timaopa, kuti anzathu azinong'onezana zoti uje watsala pang'ono kupita ku Zomba. Ine ndinapita kwa phungu maulendo 6, ndipo amene ananong'ona ena a iwo anadzandifunsa njira. Kupempha kusamukira wodi ina kwa chaka sikulephera. Ena amabwerera, ena ayi.

Kwa inu akuluakulu a mawodi, popeza tsopano ndili mmodzi wa inu: musauze namwino kuti apirire pamene mwamusiya yekha usiku ndi odwala 50, mofini atatha. Kumeneko n'kumunyoza. Lembani malipoti, vutani a kufamase, pitani ku NONM, bungwe lomenyera ufulu wa anamwino ndi azamba, ngati kuli kofunika. Ndipo rosita muziilemba mukuyang'ana buku la omwalira. Amene waona imfa zitatu sabata ino, sabata yamawa ndimamuika ku kiliniki ya obwera kudzaonedwanso, chifukwa m'wodi timangoona amene zinthu zavuta, ochira sitiwaona. Mwezi watha ndinatumizako mtsikana wina amene wangoyamba ntchito, maso ali ofiira. Anabwerera masana akundifunsa ngati ndikukumbuka mnyamata wina wa Burkitt amene tinali naye zaka zisanu zapitazo, tsaya lake ngati papaya. Ndinati ndikumukumbuka. Anati ali Folomu 2, wabwera yekha pa kabaza, ndipo akudandaula kuti mzere ukuchedwa, aphonya masamu.